Makasu Awiri M'buti

Tada mwana wanga,

Za makasu aja, ayi, sindinapenge. Ndinaona mmene unandiyang'anira m'mawa muja utatsegula buti kuti uike sutukesi yako n'kupezamo makasu awiri, chingwe, thabwa ndi matumba. Unafunsa kuti kodi boma lakutuma ku Ntchisi kukagwira unamwino kapena kukalima, ndipo unati anzako a kuchipatala akakupatsa dzina loti nesi wa makasu tsiku loyamba lomwelo. Kenako unawatulutsa n'kuwaimika pakhoma la khitchini. Abambo ako anaseka mpaka kutsamwa ndi tiyi, inenso ndinaseka, koma yankho sindinakupatse. Ndimadzidziwa ine. Ndikati ndifotokoze pakamwa ndimayambira pakati, ndimalumphira kwina, mapeto ake misozi, iwe n'kumati, “Mami mwayambatu.” Ndiye ndati ndilembe. Panopa uli ku saluni, ndipo mtsikana amakumanga tsitsi uja amachedwa ngati akufolera nyumba, ndiye nthawi ndili nayo.

Ndiyambe ndi kuthokoza, chifukwa mtima wanga lero wadzaza. Ndinakubereka ndili mwana nanenso, nditangolemba kumene mayeso a Fomu 4. Mpaka lero tikamayenda limodzi pamsika pano pa Mponela anthu amati ndife munthu ndi mng'ono wake, iwe umakwiya, ine ndimakondwa sabata yonse. Tinakulira limodzi, Tada. Ukukumbukira nditabwerera kusukulu kukaphunzira zaulimi, unkakhala pamkeka utagwira kope langa, ukundifunsa mafunso a matenda a mtedza pomwe mawu ena sunkatha n'kuwawerenga komwe? Lero ndiwe namwino, ndiwe mzamba, uli ndi malo ako a ntchito kumapiri uko. Sunandivutitsepo ndi kanthu koipa ngakhale kamodzi. Zikomo mwana wanga. Kagalimoto aka ndakupatsa ndi mtima wonse, ine za muno m'tauni ndiziyenda pa kabaza, palibe vuto. Koma galimoto ya pa tala ndi ina, galimoto ya kumapiri nthawi ya dzinja ndi inanso. Iwe laisensi unaitengera ku Lilongwe, ukuzungulira ma raundabauti dzuwa likuwala. Mvula yoyamba yagwa kale, ndipo komwe ukupitako msewu ukanyowa umakhala ngati sopo. Ndiye undimvere, ngakhale kamodzi kokha.

Matayala, Tada. Unadandaula kuti galimoto yakhalitsa kwa a Lufeyo, makanika athu aja a kuseri kwa msika, pomwe iwe umafuna kukatsanzika anzako nayo. Amasintha matayala onse, ndipo ndikuuze chifukwa chake sindinafune kumva zoti akalewo akadali bwino. Chaka chomwe ndinagula galimotoyi ndinagula matayala a kaunjika pamsewu. Anali akuda bii, owala, kuposa nsapato za abambo ako za kutchalitchi, ndipo wogulitsayo anandilumbirira kuti anali a mayi wina wa kunja amene ankangopita nawo ku mapemphero basi. Ine kukhulupirira. Kumeneko kunali kupolisha chabe. Mvula itayamba ndinkapita cha ku Chezi kukakumana ndi kalabu ya alimi, ndinafika pamtsetse wina wa dothi lofiira lija la katondo. Ndinaponda buleki. Galimoto sinaime, inangotembenuka pang'onopang'ono, mwaulemu ndithu, n'kuyamba kutsika cham'mbali ngati nkhanu. Ine ndikupotoza chiwongolero uku ndi uku, iyo osandimvera. Tinalowa m'munda wa fodya wa eni, tinaphwanya mizere ingapo, n'kukaima pafupi ndi chigafa. Mwini munda, bambo wachikulire, anabwera osathamanga. Anayamba wafunsa ngati ndavulala. Nditati ayi, anayang'ana fodya wake, anayang'ana ine, n'kunena kuti poti ndine mlangizi wa zaulimi, mwina umenewu ndi mtundu watsopano wa kapangidwe ka mizere umene boma labweretsa. Ndinafuna nthaka inditsegukire. Koma ukudziwa? Bambo yemweyo anaitana anthu, anandikankha, ndipo mkazi wake anandipatsa madzi osamba m'miyendo. Ndiye iwe, uzitenga kamtengo ka machesi, uzilowetsa mutu wake m'mizere ya tayala. Mutuwo ukamaoneka wonse, tayala latha, ngakhale liwale bwanji. Sipeya nayonso uziipimitsa mpweya, chifukwa sipeya yophwa ndi katundu chabe. Ndipo pamtsetse woterera usamaponde buleki ngati ukupha njoka. Uike giya pa L usanayambe kutsika, galimoto izitsika yokha pang'onopang'ono. Wamva, Tada? Usanayambe kutsika, osati uli pakati.

Mawaipa nawo ndi atsopano. Dzuwa la Okutobala limaumitsa labala ija, ndiye mvula yoyamba ikangogwa amangopaka matope pagalasi. Ine ndinaphunzira tikuchokera ku ukwati pa Dowa boma, nditanyamula amayi a kwaya. Mvula inatipeza panjira, yamphamvu, waipa wa mbali yanga anangoti pheu, kuuluka, kukagwera kuthengo. Mayi wina m'galimotomo anati tipemphe tsamba la fodya pakhomo lapafupi tipake pagalasi, madzi azitsetsereka okha. Ndinaona ngati zocheza, koma zinathandizadi, njira inayamba kuoneka. Vuto linabwera mkati. Amayi aja anali asanasiye kuimba, mawindo otseka, galasi lonse linachita nthunzi. Ine ndi changu changa chija ndinangotola kansalu kanali pafupi n'kupukuta. Kansaluko anakulungiramo mandasi, Tada. Mafuta okhaokha. Galimoto iliyonse yobwera kutsogolo inkaoneka ngati utawaleza. Tinaima pansi pa mtengo mpaka mvula kukata, amayi akundiseka, ine ndikutsuka galasi ndi sopo wobwereka. Ndiye m'kabokosi ka kutsogolo ndakuikiramo kansalu koyera, ntchito yake ndi galasi basi, osapukutira manja, osakulungiramo chakudya. Batani lochotsa nthunzi ndinakuonetsa lija uzilikumbukira, ndipo windo uzilitsegulako pang'ono. Mulinso masamba a fodya m'kapepala ka pulasitiki. Anzako akawaona uwauze kuti si osuta, ndi a amayi ako, ali ndi mavuto awo.

Tsono kuli kuzizira. Iwe wakulira pa Mponela, umati kukazizira ukavala juzi n'kumadandaula. Kumapiri a ku Ntchisi mwezi wa Juni madzi a mu ndowa amaluma zala, ndipo batire lofooka limafa nthawi imeneyo, m'mawa, tsiku lomwe uli pachangu. Nkhani iyi abambo ako amaikonda kuposa zonse, ndiye bola uimve kwa ine. Ndinapita kumeneko ku ntchito, ndinagona kwa mphunzitsi wina wamkazi pafupi ndi sukulu ya pulayimale. M'mawa ndati ndilize galimoto, yangoti ke ke ke, zii. Abambo ena amapita kudimba anandiona ndikuzungulira galimoto manja ali m'chiuno, anabwera, anati tikukankhani amayi, apa mpotsetsereka, ilira pompano. Ine ndinakula ndikuona malole a fodya akulira chokankha, ndiye ndinalowa, ndinagwira chiwongolero monyadira. Anakankha kutsika mtunda wa sukulu wonse. Osalira. Anabwera ena, anakankha mpaka kumtsinje. Osalira. Wina anati magalimoto ena amalira chobwerera m'mbuyo, ndiye anthu aja, thukuta lili kamukamu m'chisanu chimenecho, anayamba kuikankha chokwera. Pamenepo mpamene ndinaimbira a Lufeyo. Anamvetsera nkhani yonse, kenako anandifunsa kuti kodi amayi, galimoto yanuyo kilachi ili nayo? Ndinayang'ana pansi. Zopondera ziwiri zokha. Otomatiki silira chokankha, Tada, ngakhale mudzi wonse ubwere ndi amfumu omwe. Nditawauza anthu aja ndinkaganiza kuti akwiya. Anakhala pansi pamsewu n'kuseka mpaka kugwira m'mimba, ndipo m'modzi anakwera njinga kukabwereka batire kwa mwini chigayo. Anthu amenewo mpaka lero ndikawakumbukira ndimawapempherera. Ndiye batire ndakuikira latsopano, koma mawaya ojampira ali pansi pa mpando. Lofiira kofiira, lakuda kwakuda, usasokoneze. Ukaona tiufa toyera pamitu ya batire, uthirepo madzi otentha, upukute. Galimoto isamakhale masiku ambiri osalira, ngakhale sukupita kulikonse uziiliza pang'ono. Ndipo mu redieta musalowe madzi a pamjigo, ngakhale munthu akuuze kuti iye amatero. Botolo la madzi obiriwira aja lili m'buti, lomwe unaliyesa juwisi.

Chifunga ndilibe nacho nkhani yoseketsa. Chimatsika m'phiri muja ngati utsi, nthawi ya mvula ngakhale nthawi yozizira, ndipo sutha kuona ngakhale mapeto a boneti. Ine poyamba ndinkayatsa magetsi akuluakulu poganiza kuti ndiona patali, koma amangobwerera m'maso. Tsiku lina ndinangozindikira ng'ombe za pangolo zili pamphuno pa galimoto, mwini wake atakweza manja m'mwamba. Mwamwayi sindinagunde. Uziyatsa magetsi ang'onoang'ono, uziyenda ngati waperekeza maliro, wailesi uzimitse, windo utsitse kuti makutu azikuthandiza. Mumsewu umenewo muli njinga zonyamula nkhuni, muli ngolo, muli amayi osenza matumba, ndipo palibe ali ndi nyali. Mafuta asamatsike kupitirira theka, chifukwa kumeneko pothirira mpatali, ndipo ukudziwa wekha mmene amasowera nthawi zina. Mtsinje ukadzaza mpaka kukwera pamlatho, usawoloke. Usaone kuti lole yawoloka, lole ndi yaitali miyendo. Uime, ufunse anthu a pamenepo, madzi a m'mapiri amabwera msanga n'kupitanso msanga. Ndikudziwa mtima wako, ukadzamva kuti kuchipatala kuli mayi akukudikira udzafuna kudumphira m'madzimo. Mayi ameneyo akufuna mzamba wamoyo, Tada. Inenso ndikufuna mwana wamoyo.

Tsopano makasu. Nkhani ya kubadwa kwako umaidziwa mwachidule, kuti galimoto inatitimira panjira ndipo tinafika kuchipatala mochedwa. Umaimva ngati nthabwala ya pa tsiku lako lobadwa. Sindinakuuzepo yonse chifukwa ndikafika pakati mawu amandithawa.

Nthawi imeneyo abambo ako anali atangoyamba uphunzitsi, ndipo sukulu yawo yoyamba inali kumapiri komweko, dera lomwe ukupitalo. Tinkakhala m'kanyumba ka sukulu kodontha. Unali mwezi wa Febuluwale, mvula ikugwa osapumira. Ife tinapangana kuti ndikachilire kuchipatala cha Mtengowanthenga, kufupi ndi agogo ako, ndipo ndinayenera kupita msanga kukadikirira komweko. Koma iwe, mwana wachangu kuyambira kale, sunadikire tsiku lako. Matenda anandiyamba m'mawa abambo ako ali m'kalasi. Anathamanga kukabwereka kapikapu kwa mlimi wina wa fodya, matayala ake osalala ngati mbale, kumbuyo kwake kopanda chilichonse, ngakhale chingwe. Sitinaganize n'komwe. Ine ndinali mwana, abambo ako naonso mwana wovala tayi. Panjira anthu anatiuza kuti mlatho wa msewu waukulu wakokoloka, tidzere njira ina ya m'minda yomwe sitinkaidziwa. Tinatsika mtunda wina, pansi pake pali kadambo, ndipo pamenepo galimoto inakhala pansi. Abambo ako ndi mantha anaponda mafuta, anapondanso, matayala akungozungulira, akudzikumbira dzenje okha, mpaka mimba ya galimoto inagunda matope. Usadzachite zimenezo, Tada. Ukaona kuti tayala likuzungulira pamodzimodzi, chotsa phazi. Kuponda mafuta kumangokukwirira.

Abambo ako anatuluka, anayamba kufukula matope ndi manja, tayi ili m'khosi. Ine ndili pampando ndagwira chitseko, ululu ukubwera pafupipafupi, ndipo ndinkamva ndekha kuti chinachake sichili bwino. Ndinkaganiza kuti ndifera pano, ine ndi mwana yemwe sindinamuone nkhope. Pafupi panalibe nyumba, minda yokhayokha.

Kenako m'chimanga munatuluka mayi. Amabandira munda, mvula ikumugwa, atavala thumba la feteleza kumutu. Sanali wamkulu kwambiri, mwina msinkhu womwe ndili nawo ine lero. Anasuzumira pawindo, anandiyang'ana, anandigwira pamimba osapempha, ndipo nkhope yake inasintha. Anauza abambo ako kuti achoke pamenepo akuchedwetsa, akathyole nthambi ndi kutola miyala. Iye anayamba kukumba. Tada, sindinaonepo munthu akukumba chonchija. Ankagwira khasu chamanzere, akuchotsa matope kutsogolo kwa tayala lililonse, akupanga kanjira kotsetsereka kuti tayala likwerepo. Anavula thumba lija kumutu n'kuliyala pansi pa tayala. Anakuwa kamodzi kokha cha kumtunda, amayi ena awiri anatulukira m'minda, ndipo m'modzi ndinamumva akumutchula kuti a Nachisale. A Nachisalewo anauza abambo ako kuti alowe, aponde mafuta pang'ono ngati akuopa kudzutsa mwana. Amayi atatu aja anakankha. Galimoto inatuluka.

Abambo ako anaima pouma kuti athokoze, iye anawakalipira kuti mukuimiranji, pitani. Kenako anathamangira galimoto n'kuponya khasu lake kumbuyo. Abambo ako anati ayi amayi, nanga mulimira chiyani. Iye anayankha mawu awa, ndipo ndimawamva mpaka lero: “Pitani nalo. Kutsogoloko kuli pena poipa kuposa pano, ndipo kulibe anthu.”

Iwe wakulira m'tauni, mwina sukumva kulemera kwake. Mwezi wa Febuluwale, udzu uli m'munda, chakudya chatha m'nyumba, mayi wa kumudzi kupereka khasu lake kwa anthu osawadziwa ngakhale dzina. Makomo ambiri khasu labwino limakhala limodzi. Ndi lomwe amalimira, ndi lomwe amapitira kuganyu kuti ana adye tsiku limenelo. Ndipo ananena zoona. Titayenda ndithu tinapeza khwawa lina loipa kwambiri, tinatitimiranso, kopanda munthu ngakhale m'modzi. Abambo ako anatenga khasu lija n'kukumba mmene anaonera, kutsogolo kwa tayala, kanjira kotsetsereka, nthambi pansi, mafuta pang'ono. Tinatuluka. Titafika kuchipatala anandithamangitsira ku opaleshoni, ndipo pambuyo pake mzamba wina anauza agogo ako kuti tikanachedwako pang'ono akanapulumutsa m'modzi, kapena osapulumutsa aliyense. Dzina lako la Tadala linachokera pamenepo.

Khasu limenelo ndi lija lalifupi, lakale, lomwe lakhala kuseri kwa chitseko cha sitolo moyo wako wonse. Uli wamng'ono unafunapo kulitenga kupita nalo kusukulu tsiku lolambula, ndinakukaniza, ndinangoti ndi la eni ake. Tinayesa kulibweza. Nditachira abambo ako anapita pamalo paja, anafunsa m'midzi yapafupi, anapeza a Nachisale ambirimbiri, wina wokalamba, wina wamng'ono, onse akuseka kuti si ine koma ngati mukugawa makasu ndipatseni. Ena anati mayiyo sanali wa pamenepo, anangobwera kuganyu kuchokera kuseri kwa phiri. Chaka chomwecho abambo ako anawasamutsira kuno. Ine nditayamba ulangizi ndinkafunsa paliponse ndikapita kumeneko, koma alimi a m'makalabu anga ambiri anali abambo, ndipo ndinkangokhalako tsiku limodzi n'kubwerera. Sindinawapeze.

Ndiye kalata yako ya ntchito itabwera, nditaona dzina la chipatalacho, ndinakhala pansi. Iwe unkaganiza kuti ndadandaula poti ndi kutali, kulibe magetsi odalirika, netiweki mpaka kukwera pachulu. Ayi mwana wanga. Ndinkaseka ndi Mulungu. Taganiza, kodi ndani amabwera kuchipatala cha kumudzi kudzadikirira mtsikana woyembekezera? Ndi amayi ake, ndi apongozi ake, ndi azakhali ake. Amayi onse a m'mapiri amenewo, a kuseri kwa phiri omwe, adzadutsa pakhonde lako m'modzim'modzi, atanyamula nkhuni ndi mapoto. Amakhala kuchidikiro masabata, akuphika, akucheza. Zomwe ine ndinalephera ndi galimoto, iwe udzazichita utakhala pabenchi. Uzikawapatsa moni madzulo ukaweruka, uzikhala nawo pang'ono, osangodutsa ndi yunifolomu yako. Uzifunsa za a Nachisale amanzere, amene panopa ayenera kuti tsitsi layamba kuyera, ali ndi chipsera pachikope cha kumanja, mawu awo ndi aakulu ngati a bambo. Ufunse ngati alipo anamvapo za mayi amene anabwera kunyumba wopanda khasu chaka china, chifukwa ndikhulupirira kuti kunyumbako inali nkhani, mwina anakalipiridwa nalo. Nkhani ngati imeneyo kumudzi siiwalika.

Ukawapeza, khasu latsopanolo ndi lawo. Ndinasankha ndekha, lolemera bwino, mpini wake anandisemera bambo wina wa kalabu yanga. Ugwade powapatsa, Tada, usaime ngati uli mu wodi. Uwauze kuti ndine mwana uja munakumbira njira. Kenako undiimbire, ngakhale ukwere pachulu, ine ndidzakwera minibasi tsiku lomwelo, ndili ndi chitenje chomwe ndakhala ndikuwasungira. Ukapeza kuti anatisiya, upereke kwa ana awo. Ukapanda kuwapeza konse, usadandaule, tsiku lina udzatitimira ndithu, palibe amayenda misewu imeneyo osatitimira, ndipo m'munda mudzatuluka mayi wina. Umupatse ameneyo.

Lakalelo ndi lako. Linaperekedwa chifukwa cha iwe usanabadwe, ndipo a Lufeyo alinola, alikhomanso bwino pampini. Limenelo lisatuluke m'galimoto. Ukatitimira, utsike. Usakhale mkati utatseka mawindo anthu akukukankha, ngati bwana. Uvule nsapato, upinde yunifolomu, ugwire khasu nawenso, anthu amakankha ndi mtima wonse akaona mwini galimoto ali m'matope. Ukumbe kutsogolo kwa tayala, osati kumbuyo. Matumba aja uyale pansi. Thabwa lija ndi loikapo jeke kuti isamire. Chingwe ndi cha tsiku lomwe padzafunike ng'ombe kapena thirakitala. Ndipo ukapeza wina watitimira, uime, ngakhale wavala zoyera. Anzako akakutcha nesi wa makasu, uvomere dzinalo. Mwezi wa Janyuwale ukadzafika adzakhala akugogoda pakhomo pako kudzabwereka.

Zina zonse ukuzidziwa, sindikufuna kukutopetsa. Uzidya, iwe ukatanganidwa umaiwala. Bulangete lokhuthala lija ndaliika pampando wa kumbuyo, usalibweze, udzandithokoza mu Juni. Odwala uziwalankhula mwaulemu ngakhale watopa, ena mwa iwo ndi ana a anthu omwe anakankhapo amayi ako. Abambo ako sanena zambiri, ukuwadziwa, koma dzulo ndinawapeza akupukuta magalasi a galimoto yomwe anali atapukuta kale. Uziwaimbira paokha, osangodzera kwa ine.

Ndamva geti kulira, ndiye kuti tsitsi latha, ndifulumire. Kalatayi ndiiika pachiwongolero kuti uipeze mawa usanalize galimoto. Makasu aja sindikubwezera m'buti ayi. Ndiwe wamkulu tsopano, galimoto ndi yako, buti ndi lako, usankha wekha. Ndangowachotsa pakhoma la khitchini paja n'kuwagoneka pansi, kumbuyo kwenikweni kwa matayala atsopano aja, mano ali m'mwamba. Ndipo ukudziwa kuti pakhomo pathu pano galimoto imatuluka chobwerera m'mbuyo.

Uyende bwino, Tadala wanga. Giya pa L usanayambe kutsika.

Ndine amayi ako.